Gitala Yong'ung'uza Yokha

Lonjezo anatsinzina diso limodzi n'kukweza gitala ija ngati mlenje wolozetsa mfuti, diso linalo likutsata khosi lake kuchokera kumutu mpaka pamene lalumikizana ndi thupi. Agogo ake, aNangondo, anali pabenchi pakhomo pa sitolo ya a Kassim, atafumbata kathumba ka mankhwala a mtima amene anali atangolandira kuchipatala pa boma la Neno. Anali atapangana kuti akalandira mankhwalawo abwerera ku Nsambe dzuwa lisanapendeke, poti msewu wokwera mapiri uja sugwirizana ndi munthu wochedwa. Komatu mwana wamwamuna akati tingodutsa pang'ono apa, dziwani kuti ulendo wake weniweni ndi womwewo.

Magitala amagetsi analipo atatu, atapachikidwa pakati pa matochi, mabatire a sola ndi mawailesi akufa. A Kassim anawatola ku Limbe pamodzi ndi katundu wina wogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ankakankhira mnyamatayo ku yofiira, yonyezimira ngati yanyambitidwa. Ankati imeneyo ndiyo yoyenera munthu woimba m'kwaya, akaima nayo kutsogolo ngakhale abusa aiwala ulaliki.

Lonjezo anaibweza pamsomali. Anati khosi lake linapindika ngati mpini wosemedwa ku mtengo wauwisi, ndipo khosi likapindika palibe mankhwala. Yachiwiri anangoitembenuza n'kuisiya, chifukwa khosi lake linali lomatidwa ndi guluu, losachoka. Anatenga yachitatu, yakuda, yokalikakalika, thupi lake litang'aluka kuchokera m'mphepete mpaka pakati.

"Iyi ndiye mkazi wanga," anatero.

"Achimwene, atsikana onsewa mwasankha nkhalamba yothyoka nthiti?" anaseka a Kassim.

"Nthiti tisintha. Onani kumbuyo kuno, khosi analimanga ndi masikuluwu. Ndikamasula, thupi ili nditaya, ndisemetsa lina. Timaginito togwira mawu iti ndichotsa, nsambo ndigula zina. Ine ndikugula khosi basi, zinazi ndi mphatso."

ANangondo anadzuka pang'onopang'ono, nati aione. Sanaigwire ayi. Anaweramira kumbuyo kwa khosi lija, ndipo anaona malo amodzi pamene vanishi anatha, mtengo utayera n'kulowa pang'ono, mulingo wake wa chala chachikulu cha munthu.

"Mwini wake ali kuti?" anafunsa.

A Kassim anati zinthu zimenezi zimachokera kutsidya kwa nyanja, kumene anthu amatopa ndi katundu asanathe n'komwe.

"Munthu satopa ndi chinthu chimene chala chake chadya mpaka kufika apa," anatero aNangondo. "Amachita kuchisiya."

Anthu awiri aja anaseka, koma kuseka kwa a Kassim kunatha msanga. Njira yonse yobwerera, atapanikizana panjinga yamoto, gitala ili pamsana pa Lonjezo, aNangondo ankapendeka thupi kuti chinthucho chisawakhudze.

Anali ndi chifukwa chake. Mwana wawo Binwell, bambo wake wa Lonjezo, naye anayamba ndi nsambo. Anapanga gitala yake ya chigubu cha mafuta ali mwana, anakula nayo, kenaka anatsika nayo ku Zalewa kukaimbira anthu omwa mowa. Anabwerako ataonda ngati bango, ndipo mvula ya chaka chimenecho inagwa iye ali kale kumsitu. Lonjezo anali asanayambe kuyankhula bwino. Mayi ake atakwatiwanso kutali, mwanayo anatsala m'manja mwa agogo ake, ndipo anakula ndi machenjezo monga ana ena amakulira ndi phala: usaloze kumanda ndi chala, usavale chipewa cha mlendo, ukamva dzina lako kuthengo usayankhe kufikira aitane kachiwiri. Atayamba kubwereka gitala ya kutchalitchi, aNangondo analola chifukwa choti nyimbo zake zinali za Mulungu, koma mtima wawo sunakhale pansi.

Tsopano Lonjezo anali bambo wapabanja. Mkazi wake Clara anachita kumutengera pamudzi pomwepo kuti nkhalamba isatsale yokha, ndipo Clarayo anali woyembekezera, mimba itafika poti kuwerama pamtondo kunali kovuta. ANangondo ankamutcha mkazi mnzanga, monga ankatchulira Lonjezo kuti amuna anga akafuna kumuseka. Ankamulondalonda ngati nkhuku ya anapiye. Asaime pakhomo, asadye mazira, asaseke wolumala, asapite kumaliro.

Masabata otsatira, Lonjezo akaweruka kumunda wa mbatatesi ankayala thumba pakhonde n'kuyamba kuphwasula gitala yake. Timasikuluwu ankatiika m'chivundikiro cha botolo. Mnzake wina wa ku Blantyre anamutumizira timaginito tina tochokera ku gitala yakufa. Tsiku limene anamasula thupi long'aluka lija n'kuliponya pansi pa nkhokwe, aNangondo anapumako. Anati mumtima, chabwino, za mlendo uja zachepa.

Kenaka anabwera ndi thupi latsopano kuchokera kwa a Lameki, mmisiri wa matabwa wa kuseri kwa phiri. Linali lofiirira, lolemera, mizere yake ikuyenda ngati madzi. Lonjezo analipala ndi sandipepala mpaka linasalala ngati tsaya la khanda. ANangondo anatola fumbi lake n'kulinunkhiza.

"Iyi ndi mbawa," anatero. "Waitenga kuti?"

"Kwa a Lameki, agogo."

"A Lameki amabereka mitengo? Mapiri onsewa anthu a makala anawameta mpala. Mbawa yotulutsa thabwa lotambalala chonchi yatsala kuti?"

"Nsanje basi, akazi anga. Mwaona kuti ndapeza wosalala kuposa inu."

Clara anaseka atagwira chiuno. ANangondo sanaseke. Mwana akayankha funso ndi nthabwala, yankho lenileni amakhala walikhalira.

Gitala inatha kumangidwa Lachitatu masana, ukwati umene kwaya inkayenera kukaimba uli Loweruka. Lonjezo anatulutsa batire ya sola ndi kasipika kake, analumikiza chingwe, n'kutsegula. ANangondo anali pamphasa akusankha nyemba.

Asanakhudze nsambo n'komwe, sipika ija inayamba kung'ung'uza. Sanali mawu okwera ayi. Anali apansipansi, osadukiza, ngati a munthu wamwamuna amene watseka pakamwa n'kumafunafuna poyambira nyimbo. Dzanja la aNangondo linaima m'lichero. Binwell ankatero. Asanaimbe ankayamba wang'ung'uza choncho, mutu ataupendeketsa, ndipo mayi ake ankamudziwa ndi zimenezo ali kuseri kwa nyumba.

Lonjezo anaika zala pansambo, kung'ung'uza kuja kunaleka. Anazichotsa, kunayambanso. Anagwiranso, kunaleka, monga amatontholera mwana wolira akamva dzanja la mwini wake.

"Ndi magetsi chabe, agogo," anatero poona nkhope yawo. "Magitala otchipa amatero. M'kati muno mufunika kumata kachitsulo kopyapyala, ndikonza."

Anaimba nyimbo ya kwaya, ndipo kunena zoona inalira bwino, mawu onenepa, ochedwa kuzima. Ana a nyumba zoyandikana anabwera kudzaunjikana kumpanda. Koma atasiya kuimba kuti amange nsambo imodzi, pansi pa kung'ung'uza kuja panatuluka mawu ena, a munthu woyankhula chapatali kwambiri, osamveka chimene akunena. Anamveka pang'ono n'kuzimirira. Lonjezo anati imeneyo ndi wailesi ya ku Mozambique, poti malire ali pafupi mawaya amatola. ANangondo anati chibadwire chawo sanaonepo wailesi yolowa m'nyumba mwa munthu popanda woitsegula.

Ndiye Clara anagwira pamimba n'kuseka. Anati mwana wayamba kuvina, chiyambire kulira kwa gitala sakuleka kupunthapuntha. ANangondo anaika lichero pansi n'kuyang'anitsitsa mimba ija.

M'mawa mwake anatenga ndodo, nati akukaona mnzawo wodwala. Anapita kwa a Lameki. Anawapeza akupala chitseko pansi pa mtengo wa manachesi, ndipo atapatsana moni anafunsa za thabwa lija. A Lameki anayamba ndi kudandaula za kusowa kwa matabwa masiku ano, anadutsira ku mtengo wa misomali, anafika mpaka ku nyamakazi ya mkazi wawo. ANangondo anangodikira, maso ali pa iwo, mpaka nkhani zinawathera.

Mtengowo, anatero a Lameki pomaliza, unagwa ndi mphepo yamkuntho ya dzinja lapitalo. Unagwa chopingasa njira yopita kuchigayo, ndipo amuna okumba manda anachita kuudula kuti anthu azidutsa. Chigawo chimene anachekacho chinali kunja kwa malire, panjira ya aliyense.

"Mutu unagwera panjira," anatero aNangondo. "Nanga mizu inali kuti?"

A Lameki anayang'ana chitseko chawo.

"Ndikufunsa mizu, bambo."

"Mayi, inu mukuidziwa mbawa imeneyo. Ine ndinakana poyamba. Mdzukulu wanuyo anabwera kangapo, mpaka anagwada pano. Anati sakufuna mtengo wina, akufuna womwewo."

ANangondo ankaidziwadi. Inali mbawa yaikulu ya m'mphepete mwa manda, yomwe inapulumuka nkhwangwa chifukwa cha malo amene inamera. Binwell anamuika patsinde pake. Zaka zonsezi, akamadutsa panjira ija, sankayang'ana kumandako, ankangoyang'ana nsonga ya mtengowo n'kudziwa kuti mwana wawo ali pamthunzi. Utagwa analira okha osauza munthu. Koma kuti thabwa lake lingadutse pakhomo pawo, kugona m'chipinda chimodzi ndi mayi wapakati, zimenezo sanaziganizepo. Cha kumanda sichibwera kumudzi. Nkhuni za kumeneko sasonkhera moto, bowa wa kumeneko sazula, ndipo ngakhale fumbi la kumapazi anthu amasamba asanalowe m'nyumba.

Atafika kunyumba anapeza Lonjezo ali kumunda. Clara anali pakhonde akusoka kamalaya. ANangondo analowa m'chipinda cha anawo, chinthu chimene sankachita, n'kupeza gitala itatsamira khoma kumutu kwa mphasa, mbali imene Clara ankagona. Anaikulunga m'chitenje kuti khungu lawo lisaikhudze, anaiberekera kumsana n'kumanga mfundo pachifuwa.

"Agogo, akabwera akwiya," anatero Clara chapansipansi.

"Akwiye ali moyo. Iwe ukudziwa kumene mtengo uwu unachokera?"

Clara anati sakudziwa. ANangondo anamuuza. Singano ya mtsikanayo inaima, ndipo dzanja lake linapita pamimba.

Njira ya kumanda inkatsika kudutsa m'minda ya tirigu wouma. Dzuwa linali pamutu, kunalibe mphepo, kunalibenso munthu. ANangondo ankayenda atawerama, ndipo atapita kanthawi anazindikira kuti dzanja lawo lamanzere lapita lokha kumbuyo, likuchirikiza katunduyo kunsi monga amachitira mayi wobereka mwana. Kulemera kwake kunali komweko. Anakumbuka mmene ankatsikira njira yomweyi kupita kuchigayo, Binwell ali kumsana, mutu wake wotentha uli pakati pa mapewa awo, akung'ung'uza tulo. Anafuna kuchotsa dzanjalo, koma silinachoke.

Anaima pamalire, pamene udzu wa m'njira umathera n'kuyamba mdima wa mitengo. Kupitirira apo munthu salowa popanda maliro kapena chilolezo cha eni manda, makamaka wamkazi. Thunthu la mbawa lija linali pomwepo, lodulidwa pamalire penipeni, mbali yotsalayo itagona kulowera m'kati, mizu yake itayang'ana kumwamba ndi dothi lofiira. Anali atabwera kudzaponya gitalayo m'tchire, koma zala zawo zinakana kumasula mfundo.

Anaima choncho mpaka anamva mapazi kumbuyo. Sanatembenuke msanga, chifukwa pamalo otere munthu sathamangira kutembenuka.

"Agogo."

Anadikira aitane kachiwiri.

"Agogo, ndine."

Anali Lonjezo, matope a kumunda ali m'miyendo, akupuma mwawefuwefu. ANangondo ankayembekezera kuti alalata, koma mnyamatayo anakhala pansi m'mbali mwa njira n'kuyang'ana thunthu lija.

Anayankhula mawu ali pansi. Anati iye bambo ake sawadziwa nkhope. Chithunzi palibe. Malaya, nsapato, ngakhale gitala ya chigubu ija, zonse zinagawidwa kwa abale iye ali wamng'ono, palibe anaganiza zomusungira kanthu. Anthu amangomuuza kuti umayenda ngati bambo ako, umaseka ngati bambo ako, iye osadziwa akufanana ndi ndani. Mtengo uwu wokha ndi umene unakhala nawo zaka zonsezi.

"Unawadya, agogo. Ali m'menemo. Ndimafuna ndiwamve kamodzi kokha akuimba nane."

"Ndi chifukwa chake ndabwera nawo kuno," anatero aNangondo. "Ukuganiza kuti ine sindinamumve? Ndinamumva iwe usanakhudze nsambo. Ine ndi amene ndinamubereka."

"Nanga cholakwika n'chiyani? Palibe chachitika."

"Tsoka silinunkha, Lonjezo. Pakhomo pako pali munthu amene sanafike, ali m'njira. Iwe waitana munthu amene anapita kale. Njira ndi imodzi. Akakumana pakati, ndani abweze mnzake?"

Lonjezo anati zimenezo ndi zamakedzana, kuchipatala anamuyeza Clara n'kunena kuti zonse zili bwino. ANangondo anati achipatala amayeza zimene makina awo amaona. Anati iwo anaika kale mwana mmodzi pansi pa mtengo uwu, ndipo ngati gitala ibwerera kunyumba ili chonchi, mawa lomwelo amuperekeza Clara kwa mayi ake ku Matope, akachirire kumeneko, ndipo iwonso sabwerako.

Mnyamatayo anayang'ana katundu uja kumsana kwa agogo ake. Kenaka anapisa m'thumba la kabudula n'kutulutsa sikuludiraiva ya chigwiriro chachikasu.

"Sindinaitenge ndine," anatero. "Clara wachita kundiikira m'manja."

Apo mfundo ija inamasuka. ANangondo anatsitsa katundu wawo n'kuyala chitenje pansi. Lonjezo anagwada, anafooketsa nsambo imodziimodzi mpaka zinagona, n'kuzikulunga. Anamasula kachitsulo komangirapo nsambo, anatukula mbale yonyamula timaginito pamodzi ndi mawaya ake, timasikuluwu akuponya m'chipewa. Pomaliza anaitembenuza chafufumimba n'kumasula masikuluwu akuluakulu a kumbuyo aja. Khosi linachoka mosavuta, ngati linkangodikira.

"A Kassim ankandiseka kuti ndasankha yonyansa," anatero, osakweza mutu. "Ndinaisankha chifukwa imamasuka. Sindinkadziwa kuti ndidzaimasulira kuno."

Linatsala thupi lokha, lofiirira, losalala, mabowo ake ali pululu. Lonjezo analinyamula ndi manja awiri. Analigwira pachifuwa kanthawi, kenaka anatambasula mikono, mapazi ali kunja kwa malire, n'kulitsamiritsa pathunthu pamene linadulidwa.

ANangondo anawomba m'manja mofatsa, atagwada.

"Binwell, ndi mwana wako uyu, sanadziwe. Anakusowa chabe. Gona pamalo pako. Za kumudzi utisiyire ife."

Chitenje chija anachisiya pomwepo. Pobwerera anapatukira kukamtsinje, anasamba m'manja ndi m'mapazi, ndipo anaumirira kuti Lonjezo apukute khosi la gitala ndi masamba onyowa. Anapukuta osatsutsa.

Lachisanu Lonjezo sanapite kumunda. Anasolola thupi lakuda lija pansi pa nkhokwe, anachotsa chiswe chimene chinali chitayamba kulinyambita, anathira guluu mumng'alu n'kulimanga ndi mphira ya chubu cha njinga. M'mabowo ake anamatamo timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a tiyi, mmene anali atanenera. Ankagwira ntchito osaimba mluzu, ndipo agogo ake akamadutsa sankawaseka. Chakumadzulo, dzuwa likadali pamwamba pa phiri, anamanga khosi, anakoka nsambo, n'kutulutsa batire ndi sipika.

ANangondo anali pamphasa pawo pomwe paja. Clara anakhala pakhomo la khitchini, patali pang'ono.

Lonjezo anatsegula. Anaimba mzere umodzi wa nyimbo ya ukwati. Mawu ake anali opyapyala kuyerekeza ndi aja a Lachitatu, koma anali oyera, okwanira kwaya. Anachotsa manja pansambo n'kuwakweza m'mwamba.

"Mwamva, agogo? Zii. Mtima ukhale pansi tsopano."

"Wachita bwino," anatero aNangondo.

Anayambanso kuimba, koma iwo anamuimitsa. Anasendera pafupi ndi sipika, mawondo akulira, n'kupendeketsa mutu.

"Tachotsanso manja."

Anachotsa. ANangondo anamvetsera. Kunkamveka nkhuku zikupalasa kuseri kwa nkhokwe, ndi mtondo wa kwa oyandikana nawo. M'sipika munalibe kanthu.

"Kwezako pang'ono."

Lonjezo anapotokola kabatani mpaka kumapeto. Munalibe kanthu. Anawayang'ana agogo ake, kenaka anatsitsa maso n'kubweza kabatani kaja.

ANangondo anadzuka, nati akukaanula ufa kuseri kwa nyumba nkhuku zisanauthere. Kumeneko anagwada pamkeka n'kuyamba kusonkhanitsa ufa ndi m'mphepete mwa dzanja. Anali atafika pakati pa mkeka pamene anamva kung'ung'uza kwapansipansi, kwa munthu wotseka pakamwa amene akufunafuna poyambira nyimbo. Anaima n'kutchera khutu. Kenaka anazindikira kuti kukuchokera pakhosi pawo.

Anadzitseka pakamwa ndi dzanja la ufa, n'kusuzumira pangodya ya nyumba kuti aone ngati Clara wamva.